Mtengo wa Kathirakitala ka Abambo

"Tagwira apa," anatero achimwene ake, ndipo Mzime anagwira ngodya ya lona n'kukoka. Fumbi linawagwera kumapazi. Kathirakitala kanali pomwe abambo awo anakasiya tsiku limene anagwa m'munda: matayala awiri, injini yofiira yosuluka, ndi zigwiriro ziwiri zazitali zimene munthu amagwira akuyenda pambuyo pake. Dothi linali litaumira m'mano a matayala.

Panali patadutsa masiku asanu ndi limodzi chiikire maliro. Mzime, amene onse ankamutcha choncho poti ndiye anatsekera kubadwa, anali asanalire. Ankadzuka, kusesa, kutsuka makapu a anthu odzapepesa, n'kukagona. Akamuuza kuti agwire, ankagwira. Akamuuza kuti akhale pansi, ankakhala. M'mutu mwake munali ngati m'chipinda chimene asamutsamo katundu yense.

Makanika amene achimwene anamuitana kuchokera m'tauni anali munthu wamfupi, wa ovolosi yong'ambika pabondo. Ntchito yake inali kugula makina akale, kuwakonza, n'kuwagulitsanso. Anavula chipewa, n'kunena kuti pepani ndi zovutazi, kenaka ananjuta pambali pa injini.

Achimwene anatulutsa pepala m'thumba la malaya. Anali atalemba zonse zimene anapeza m'shedi: kathirakitala, pulawo, chophwanyira zibuma, chopangira mizere, ngolo. Pambali pa chilichonse panali mtengo umene anauona pafoni. Maganizo awo anali oti agulitse zonse, ndalamazo amangire amayi chipinda kuseri kwa nyumba yawo m'tauni. Tchuthi cha maliro chinali kutha mawa lake.

"Mvula ili pafupi, anthu akufuna zimenezi," anatero achimwene. "Musandiuze mtengo wa zitsulo zotaya."

"Tiyambe tamva kaye mmene ikutsokomolera, bwana."

Makanika anasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kupaka pachala, n'kununkhiza. Anadina lamba ndi chala chachikulu. Kenaka anatenga handulo, chitsulo chopindika cholizira injini, n'kupukusa kawiri, katatu. Injini inatsokomola utsi wakuda, n'kugwira. Malata a shedi ananjenjemera.

Phokoso limenelo ndi limene linkamudzutsa Mzime zaka zonse za sukulu. Anaima n'kudikira kuti mwina china chake chigwedezeka m'chifuwa mwake. Palibe chinachitika. Anangoona kuti chingwe cha nsapato ya achimwene chamasuka.

"Injini ndi yamoyo," anakuwa makanika, n'kuizimitsa. "Mwini wake ankaikonda. Oyilo woyera, mabawuti onse alipo. Matayala atha, koma imeneyo si nkhani."

Anazungulira kumbuyo, pamene zida zimakolekedwa. Anapalapo dothi ndi sipanala. Kenaka anaseka pang'ono, n'kudziletsa atakumbukira kuti ali pakhomo pa maliro.

"Apa ndiye pali nkhani. Bambo anu anali dokotala wa zitsulo, koma wopanda chiphaso."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Tabwerani muone. Kufakitale kamachokera ndi bowo limodzi, ili, lolowa pini ya pulawo yake. Awa awiriwa anaboola okha. Chitsulo chophwatalala ichi anachita kuwotcherera. Chophwanyira zibuma chanucho ndi cha mtundu wina, sichikanalowa pano, ndiye anachisula kuti chilowe. Chopangira mizere chimodzimodzi. Ngoloyo anaidula mkono wokokera n'kuufupikitsa." Anapukuta manja pa ovolosi. "Ndikagulitsa kathirakitala kokha, wogulayo akakagula chida cha m'sitolo sichilowa, pokhapokha ndidule zonsezi n'kuika china. Ndipo zida izi sizingalowenso pa thirakitala ina iliyonse. Zinakwatirana, bwana. Mukazilekanitsa, mtengo ukugwa ndi theka."

Achimwene anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu. "Ndiye palibe vuto. Tengani zonse pamodzi, ndi zimene ndikufuna."

"Ngoloyo si yathu."

Onse anatembenuka. Amayi anali ataima pakhomo la shedi, atagwira felemu. Chiikire maliro anali asanatuluke m'nyumba masana. Nkhope yawo inali yotuwa, mawu awo opanda kukwera kapena kutsika.

Achimwene anati, "Amayi, kapumeni. Izi tithana nazo ife."

"Ngoloyo ndi ya mayi wa anyezi, wa kumunsi kwa msewu. Chophwanyiracho ndi cha aphunzitsi opuma aja. Chopangira mizere ndi cha ana amasiye a kuseri kwa chigayo. Chathu ndi kathirakitala ndi pulawo basi."

"Nanga zikutani m'shedi mwathu?"

"Makina awo anafa kalekale, masipeya osapezeka. Zida zinangotsala pakhomo n'kumachita dzimbiri. Bambo ako ankati akadutsa n'kuona chitsulo chikugona, mutu unkawawawa. Ankachitenga, kuchisula, n'kuchikoleka pa kathirakitala kathu. Eni ake ankabwera kudzatenga akafuna kulima."

"Ankalipira?"

"Ankathira dizilo."

Achimwene anayang'ana pepala lawo. Anatulutsa cholembera n'kukhwatcha mzere umodzi, wachiwiri, wachitatu. Pomaliza cholembera chinaboola pepala.

"Zaka zonsezi ine ndimatumiza ndalama za masipeya," anatero, "kuti anthu a mudzi wonse azilimira ulere? Ndipo lero ndikufuna kukusungani inu, mukundiuza kuti palibe chogulitsa? Mzime, tayankhula. Iwenso ndi bambo ako."

Mzime anatsegula pakamwa. Anafufuza mkati mwake kuti apeze mbali imene ali, koma sanapeze kanthu. "Chingwe cha nsapato yanu chamasuka, achimwene," anatero.

Achimwene anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anawerama n'kumanga chingwecho.

Makanika anakanda m'mutu. Anatchula mtengo wa kathirakitala ndi pulawo yokha, motsitsa mawu ngati akupepesa. Sunafike ngakhale pa theka la zimene zinali papepala. Sukanamanga chipinda. Mwina ukanagula malata ndi chitseko.

Ali chiimire choncho, kumpanda kunamveka "odi" wamantha. Anali mayi wa anyezi uja, wamtali, wa manja okhakhala, atavala nsapato za jombo. Anali atamva injini ikulira ndipo anathamanga kuchokera kudimba. Anapereka moni kwa onse, n'kuima chapatali.

"Ndamva kuti kakupita," anatero, akuyang'ana pansi. "Sindikudandaula ayi, ndi katundu wanu. Ndimati ndingotengako ngolo yanga isakusokonezeni. Ndikankha ndi manja."

"Mukaikoka ndi chiyani?" anafunsa makanika. "Mkono wakewo sulowa pena paliponse."

"Ndikudziwa, bambo. Ndikaika pakhonde. Nkhuku zizigonamo."

"Anyezi mwakumba?" anafunsa amayi.

"Ndakumba dzana. Matumba makumi atatu ali m'dimba. Malemu anati Lachisanu lino ndidzatenge kathirakitala ndikatule kumsewu." Anayang'ana ngoloyo. "Koma ndipeza njira ina."

Lachisanu lake linali tsiku lomwelo. Kunja nkhuku inali kupalasa pamulu wa mchenga, ndipo Mzime anaiyang'anitsitsa ngati ndi ntchito imene wapatsidwa.

"Mumatha kuyendetsa?" anafunsa achimwene potsiriza, mawu atatopa.

"Anandiphunzitsa okha. Chaka choyamba ndinagwetsa mpanda wa aphunzitsi."

Makanika anaseka, ulendo uno osadziletsa. Achimwene sanaseke. Anapinda pepala lija kanayi n'kulibwezera m'thumba. Kenaka anagwira mkono wa ngolo n'kuikokera kumbuyo kwa kathirakitala. Anayesa bowo loyamba, pini inakana. Anayesa lachiwiri, inakananso.

"Lapansilo, achimwene," anatero mayi wa anyezi. Pini inalowa yokha, osachita kumenya.

Makanika anavala chipewa chake. Anati mtengo umene watchula udikira mpaka kutha kwa mwezi, akasintha maganizo amuimbire. Achimwene anamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo pobwerera anapeza amayi atakhala pa chigubu cha dizilo.

"Ine m'tauni sindipita chaka chino," anatero amayi. "Ndikolole kaye zimene bambo ako anasiya atakonza. Chaka chamawa udzandifunsenso."

"Ndidzakufunsaninso," anatero achimwene. Sanatsutse.

Mayi wa anyezi anabweza kathirakitala dzuwa litapendeka. Anakalowetsa m'shedi chobwerera m'mbuyo, anapala matope m'matayala, n'kusiya botolo la dizilo pakona. Atachoka, Mzime ndi achimwene ake anafunditsanso lona. Achimwene anatola handulo ija kuti akaitsekere m'nyumba, poti popanda iyo palibe angalize injini.

Amayi anatambasula dzanja. Achimwene anawapatsa. Amayi anatuluka nayo, n'kuzungulira shedi mpaka kukhoma loyang'ana kumsewu. Mzime anawatsatira. Pamenepo panali msomali umene iye anali asanauonepo, ndipo pansi pake pakhoma panali chithunzi chakuda cha handuloyo, cha girisi wa zaka zambiri.

"Kunja, amayi? Anthu aiba," anatero Mzime.

"Bambo anu ankaisiya pano," anatero amayi. "Ankati munthu wosauka akagogoda kawiri pakhomo lomwelo, kachitatu amachita manyazi, munda n'kugonera. Bola azingotenga."

Anaikoleka. Inagwedera pang'ono, n'kukhazikika ndendende pa chithunzi chake. Amayi anapukuta zala pansalu n'kulowa m'nyumba.

Mzime anatsala yekha. Anaika chikhatho pakhoma, pambali pa msomali, pamene njerwa zinasalala ndi manja a anthu. Khomalo linali lofunda ndi dzuwa. Anakhala choncho osachotsa dzanja, mpaka achimwene anamuitana kuti adzawathandize kulongedza chikwama.