Makatoni a Ulendo Alowa mu Kompositi

Migodi itayamba kuchotsa anthu ntchito, a Msaiwale anatsika komaliza ndege yochokera kumgodi n'kukhala pakhomo ku Ellenbrook, m'dziko la Australia. Munthu wozolowera kuswa miyala sangakhale manja ali lende. Anayang'ana mchenga wa kuseri kwa nyumba, mchenga woti ngakhale chisoso chimaukana, n'kulengeza kuti apanga manyowa a kompositi, adzale maungu, pakhomo pazidyedwa nkhwani.

Anagula chimgolo chakuda. Makoko a nthochi, kabichi wofota, udzu wongotchetcha kumene, zonse ankaponya momwemo n'kuthirira mwachikondi ngati akusambitsa khanda. Mgolo unawathokoza ndi fungo. Fungo lake silinali lamasewera: ntchentche zinkabwera ndi abale awo omwe, ndipo zovala zochapa zinkachoka pachingwe zikununkha kuposa mmene zinapitira.

"Abambo a Chiko," anatero mkazi wawo, a Felesta, atatseka mphuno ndi chitenje, "Loweruka kubwera amayi a Mvano. Chimgolo chanuchi chikamanunkhabe, ndichikokera kumsewu ndekha."

A Msaiwale mtima unawawa zedi. Chichokereni ntchito, mgolowo ndi umene unkawadzutsa m'mawa.

A Kapembwa, neba wa ku Zambia amene nayenso mgodi unamutaya, anasuzumira pampanda maso ali psuu. "Ba mudala, mwafaka ma green yekayeka, ndiye nitrogen iyo! Fakaniko ma brown, carbon. Vouma vikhale vambiri kuchila vabisi, apo ayi tizasamuka ise."

Nkhani yake inali yosavuta: zouma, monga masamba ogwa ndi makatoni, zichuluke kuposa zaziwisi. Koma masamba ouma awapeza kuti? Kumudzi amachita kuwatentha, kuno pabwalo panali kamtengo kamodzi kofika m'khosi. Komanso a Felesta, mwana woleredwa bwino, ankasesa m'mamawa uliwonse, tsamba likangogwa laona zakuda. A Msaiwale anayamba kulawirira, kuima pansi pa kamtengoko ndi beseni, kudikira. Tsiku lina anathamangitsa tsamba limodzi mpaka pakona ya msewu atavala malaya awo a olenji a kumgodi, azungu oyendetsa agalu akuwapatsa njira. Zokolola za sabata yonse sizinadzaze chipewa.

Tsono m'galaja munali makatoni, mulu wofika kudenga. A Felesta anayamba kuwasonkhanitsa ntchito itangotha, oti adzalongedzeremo katundu pobwerera ku Malawi. Tsiku la ulendowo palibe ankalitchula, koma makatoniwo ngakhale kuwakhudza kunali mlandu.

Lachisanu, mayi ali kuntchito, a Msaiwale anatenga kamodzi kakang'ono. Anakang'ambang'amba, kuponya mumgolo, kutakasa ndi foloko ya m'munda. Ananunkhiza. Ngati fungo lasintha pang'ono! Anatenga lina, kenaka linanso, ndipo manja akazolowera kung'amba sakhala ndi mabuleki.

A Felesta anawapeza atakhala pansi pakati pa zidutswa, tepi ili kukamwa.

"Amenewo ndi makatoni a ulendo."

"Ndangobwereka, amayi a Chiko."

"Mudzabweza ali manyowa?"

A Msaiwale analavula tepi ija, mawu osatuluka. Anadziwa kuti mgolo wapita basi, mwina ndi mwini wake yemwe. Koma a Felesta anayandikira, kutsegula chivindikiro, kununkhiza mosamala ngati akugula usipa. Fungo linali litagwadi mphwayi.

"Manyowawa apsa liti?"

"Pakapita miyezi ingapo."

"Nanga maungu?"

"Tidzala kukafunda. Nkhwani ndi chaka chamawa."

"Ndiye kuti chaka chamawa tili konkuno."

A Msaiwale anali asanaganizepo choncho, koma atamva anaona kuti ndi zoona, ndipo anachita mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi. "Tili konkuno, mukalola."

A Felesta anayang'ana mulu wotsala uja kwa kanthawi, misozi ikulengeza. Kenaka anavula nsapato zakuntchito, kumanga chitenje, n'kukhala pansi pambali pa amuna awo.

"Tepiyo muzichotsa bwinobwino, siwola," anatero. "Ndipo katengeni lalikulu lija ndinasungira mapoto. Ndatopa kukhala m'nyumba mwanga ngati munthu wodikira basi."