Mphesa za Bibiana

Zaka zitatu Bibiana wa ku Mpama anakhala akudulira mphesa zake, anthu akumuseka kuti akulima zingwe. Chaka chachinayi zinabereka mpaka mitengo yochirikiza kuwerama. A Helena, mayi wophika zakudya za pa maukwati ku Limbe, atalawa anati azitenga zonse, kungoti ukwati umene ankazifunira unali patsogolo ndi masabata atatu.

Bibiana sanaphonye chilichonse chimene alangizi anamuphunzitsa. Anathyola m'mawa dzuwa lisanatenthe, osatsuka ngakhale tsango limodzi. Zong'ambika anazidula ndi sizasi. M'kireti iliyonse anayala pulasitiki, pamwamba n'kuikapo kapepala ka salufa koletsa chuku, kenako n'kumanga. Anazitengera ku Namadzi, ku chipinda chozizira cha kalabu ya alimi, kumene makiyi ankasunga a Sabiti.

Patatha masiku khumi anapita kukaziona. Atangokankha chitseko, fungo losasa linamulandira. Mapulasitiki onse anali omasula, timapepala tija palibe, ndipo chuku chotuwa chinali chitayanga pakati pa matsango.

"A Sabiti! Wagwira katundu wanga ndani?"

A Sabiti anabwera akupukuta m'manja. "Ndine, mayi. Anzanu a tomato amadandaula kuti timapepala tanuto tikununkha machesi, tiwawonongera malonda."

"Osandiimbira bwanji? Nambala yanga si iyo pakhomapo?"

"Ndinalibe mayunitsi. Komanso zipatsozo zimaoneka zafumbi, ndiye ndinaziwaza timadzi kuti ogula asanyansidwe."

Bibiana anagwira pakamwa. Chimene iwo ankati fumbi chinali kaufa koyera kamene mphesa imabadwa nako, kamene amayesetsa kuti chala chake chisakafufute. Anafuna kukuwa, koma bambo wamkuluyo ankamuyang'ana ndi nkhope yodikira kuthokozedwa.

Anavala juzi n'kukhala pansi m'chipindamo mpaka masana, kusankha kachipatso kamodzikamodzi, zala zitachita dzanzi. Akatembenuza tsango looneka labwino, pansi pake linali nyenyenye. Pa makireti khumi ndi awiri anapulumutsa atatu. Timapepala tina panalibe kokagula pafupi. Toyamba tija anachita kutumiza munthu kukagula ku Blantyre.

Anaimbira a Helena.

"Atatu? Achemwali, ndili ndi matebulo makumi anayi. Basi, ndikagula za m'sitolo."

Madzulo ake Bibiana anaima pa siteji ya minibasi ndi beseni, akukweza matsango pa mawindo. Ambiri ankangothyolako kachipatso kamodzi n'kulawa, minibasi n'kunyamuka. Zowolazo anakapatsa mlamu wake woweta nkhumba.

Pa msonkhano wa kalabu Loweruka anapempha zinthu ziwiri: kiyi wakewake, ndi lamulo loti wina asamasule katundu wa mnzake. Wapampando anagwedeza mutu, nati nkhaniyo ndi yofunika kwambiri, aikambirana mwezi wamawa anthu akadzachuluka. Kenako anapitiriza za mbewu ya tomato.