Kampu Yomwe Shanice Sanaifune

Loretta ankaphika pasukulu ina ya pulayimale mumzinda wa Toledo ku America, ndipo ana mazana atatu ankadya za m'manja mwake tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake mawu a dokotala anamulasa pamtima. Mwana wake yemwe, Shanice, wazaka khumi ndi zisanu, anali atanenepa mopyola muyezo, ndipo matenda a shuga anali pakhomo.

Patatha masabata awiri, Shanice anaika pepala patebulo. Anali atapeza yekha pa intaneti kampu ya achinyamata ofuna kuchepetsa thupi. Panali zithunzi za atsikana, uku ali onenepa, uku ataonda, atanyamula mabuluku awo akale ngati matumba. Kampuyo inkalonjeza kuchepetsa kulemera kwa thupi ndi mapaundi makumi anayi m'masabata asanu ndi limodzi.

"Mami, sainani. Ndatopa nazo zoti m'basi palibe amene amafuna kukhala nane mpando umodzi."

Loretta anasaina pomwepo, misozi ili lengelenge. Koma fomuyo inkafunanso bambo wa mwana, choncho Loweruka m'mawa anapita kwa Dwayne, mwamuna wake wakale. Dwayne kunalibe. Amene anatsekula chitseko anali mkazi wake watsopano, Yolanda, namwino wa kuchipatala cha ana. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi azimayi awiriwa ankangopatsana moni wa pageti.

"Akabwera mum'patse asaine," anatero Loretta, akutembenuka kale.

Yolanda anawerenga pepalalo ali chiimire. "Pepani a Loretta, talowani kaye. Pali zina sindikuziona apa."

"Sindinabwere kudzafunsa maganizo a munthu."

"Ndikudziwa. Mphindi zisanu zokha. Mukakhutira nazo, ndim'sainitsa ndekha, ngakhale ndim'peze m'bafa."

Anakhala kukhitchini. Yolanda anaimba foni kukampuko, n'kukweza mawu kuti amve onse. Anayankha bambo wina wa pakamwa pozuna. Atafunsidwa ngati kumakhala dokotala kapena namwino, anati aphunzitsi awo onse amadziwa chithandizo choyamba. Nanga mwana angaimbe kunyumba? Ayi, masabata atatu oyamba mafoni amalanda, poti makolo ndiwo amafewetsa ana.

"Nanga mwana akakomoka pothamanga?" anafunsa Yolanda.

Bamboyo anaseka. "Mayi, ambiri amakhala akunamizira. Timangom'thira madzi n'kupitiriza."

Loretta anatenga fomu ija, naipinda kanayi.

"Ine ndinasaina osafunsa ngakhale funso limodzi," anatero chapansipansi.

"Inu munaona mwana akulira. Ine ndangoona pepala. Kufunsa n'kosavuta kwa ine."

Shanice atamva kuti sapitanso kukampuyo, anakwiya koopsa. "Ndiye mwayamba kumvana ndi a Yolanda? Chiyambire liti?" Anatha masiku atatu osawayankhula amayi ake. Komabe Loweruka lotsatira anakwera galimoto, atakhala kumbuyo, nkhope ili pawindo. Yolanda anali atafufuza kwa anzake a kuntchito, ndipo anamva za kampu ina ku Michigan, ulendo wa maola atatu, ndipo onse atatu ankapita kukaiona.

Malowo sanali okongola. Nyumba zake zinali zamatabwa, penti itayamba kusupuka. Anawalandira mkulu wa pamalopo, Mayi Brandt, wa imvi, atavala nsapato zamatope.

"Ndichepa mapaundi angati?" Shanice anafunsa asanakhale n'komwe pansi.

"Sindikudziwa, mwanawe. Amene angakuuze nambala akukunamiza. Pano namwino sachoka. Sikelo udzakwera kawiri kokha, chitseko chili chotseka. Udzadya katatu patsiku, ndipo udzakhuta. Sabata yachinayi makolo amabwera kudzaphunzira nawo kuphika."

"Ine? Kuphunzira kuphika?" Loretta anadzigwira pachifuwa. "Zaka makumi awiri ndili pamoto!"

Yolanda analephera kudzigwira, anaphulika nako kuseka. Shanice sanaseke. Anadzuka n'kutuluka.

Patapita kanthawi, Loretta anamutsatira. Anamupeza atatsamira mpanda wa dziwe losambirira. Munali atsikana amene anali kale pakampupo, ena matupi aakulu kuposa lake, atavala zosambirira basi. Palibe amene anadzikulunga thaulo kapena kubisala m'malaya aakulu. Ankadumphira m'madzi mokuwa, kumizana, kutukwanizana mwanthabwala. Shanice anasiya kusambira ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anyamata ena atamuseka.

Mmodzi wa atsikanawo anafuula: "Iwe watsopano! Ukudzagona nyumba iti? Usalole yachitatu, Brianna amaliza mkonono ngati thalakitala!"

"Bodza!" anakuwa wina, n'kumuthira madzi.

Shanice anawayang'anitsitsa atsikanawo. Kenako, osayang'ana amayi ake, anati, "Fomu yawo ili kuti?"

Anakhalako masabata asanu ndi limodzi. Loretta anapita kukaphunzira kuphika kuja, ndipo ngakhale anatsutsana ndi mphunzitsi pa nkhani ya batala, anabwerako ndi kope lodzaza. Shanice anachepa mapaundi asanu ndi anayi okha, ndipo anadandaula. Koma Loretta ankamumva akukwera masitepe a nyumba yawo yosanja, akucheza pafoni ndi Brianna, osaima kuti apume. Lachiwiri ndi Lachisanu ankapita yekha kukasambira.

Mu Okutobala anabwerera kwa dokotala. Shuga anali atatsika bwino. Shanice anathamangira kusukulu, ndipo Loretta anatsala m'galimoto, foni ili m'manja. Anadumpha nambala ya Dwayne, naimbira Yolanda.

"Watsika," anatero. "A Yolanda, ine ndikanamutumiza mwana uja kwa anthu othira madzi aja. Sindikudziwa ndikuthokozeni bwanji."

Mbali inayo kunamveka kufwenthera. "Musandilize, ndili pantchito."

"Lamulungu mubwere kudzadya. Nkhuku yake ndi yowotcha, zokazinga tinasiya."

"Ndibwere ndi Dwayne?"

"Mubwere naye. Mimba yakeyo nayonso ikufunika kampu."