Nyemba za Lachinayi

Mtendere kwa inu owerenga, ndipo ayamikike Mulungu amene watisunga kufikira lero.

Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a Bernardino, ndipo mayi uja anali adakali pomwepo. Francisca, mkazi wa malemuyo, ankamuona pazenera: ali pamphasa kuseri kwa khitchini, atafunda nsalu ya kapulana yobiriwira chifukwa cha chisanu cha Juni, osalira, osayankhula. Akwaya a ku Namacula anali atabalalika, mawu atawasasa. Achibale anakwera shapa, timabasi tija, kubwerera kwawo dzulo lake. Koma uyu, amene anangoti dzina lake ndi Shamsa, wa ku Chimbonila, sankaonetsa zonyamuka.

Martinho, mkulu wake wa Bernardino, anaima pakhomo la chipinda manja ali m'thumba.

"Mlamu, ine ndine mwamuna, zinthu izi ndimazidziwa. Mkazi sagona masiku atatu pamaliro a munthu wongodziwana naye pamsewu. Mawa tikugawa zovala. Muona, atulutsa mwana."

Francisca anali atatopa mpaka m'mafupa, ndipo mawuwo anagwera pabala lakale. Zaka khumi Bernardino anali ativista wa projetu ya anthu akunja, wolondola odwala amene asiya kubwera kuchipatala. Chaka chatha thandizo la kutsidya kwa nyanja linaduka. Kunangobwera kalata, ofesi n'kutsekedwa, foni ya ntchito n'kubwezedwa. Koma Lachinayi lililonse bamboyo ankapalasabe njinga kupita ku Chimbonila, atamangirira timatumba ta nyemba kumbuyo. Nyemba, kupita nazo kwa alimi a nyemba! Francisca anafunsapo kamodzi. Mwamuna wake anangoseka, nati, "Ndikukaona anzanga," n'kutuluka akung'ung'udza nyimbo ya Lamulungu lapitalo.

Foni inalira. Anali Lígia, mwana wawo yekhayo. Anaphunzira unamwino konkuno, akunja omwewo ndiwo anamulipirira sukulu, kenako anapeza ntchito ku Lisboa yosamalira okalamba. Mapepala ake anali asanatuluke; akanabwera kumaliro, sakanaloledwa kubwerera. Bambo ake anawaika m'manda iye akuonera pafoni.

"Mama, mwadya?"

"Ndadya."

"Mukunama, milomo yauma iyo." Lígia anapukuta m'maso ndi mkono wa yunifolomu. "Kuno ndimasambitsa makolo a eni ake, Mama. Anga amwalira popanda ine kuwapatsa ngakhale madzi."

"Leka, mwanawe. Anakuperekeza okha kukakwera ndege. Khala pomwepo, undithandize kusankha zovalazi."

Anaimika foni pazenera n'kuyamba kupinda malaya. Pokoka nsapato pansi pa bedi, dzanja linagunda dengu. Munali timatumba tisanu ndi kamodzi ta nyemba, kalikonse komangidwa ndi kansalu kamtundu wake. Tinali ta Lachinayi lija Bernardino analephera kudzuka. Francisca ananyamula kamodzi, ndipo m'katimo munalira china chosakhala nyemba. Anamasula, napisa zala, natulutsa kabotolo koyera.

"Sendezani kuno," anatero Lígia. Anayang'anitsitsa kabotoloko. "Dzina la mwini wake lili pamenepolo musawerenge, Mama. Awo ndi mankhwala aja a tsiku ndi tsiku, osadumphitsa. Pali anthu amene amaopa kuonedwa pamzere wake. Papa ankawatengera."

"Ntchito inatha chaka chatha."

"Inatha ya projetu. Matenda ndiye anauzidwa kuti projetu yatha?"

Francisca anakhala pabedi, kabotolo kali m'manja. Anakumbukira masiku onse a Lachinayi amene anapatsa mwamuna wake madzi osamba osamuyang'ana kumaso.  Pamene ankabweza kabotolo m'nyemba, maso ake anagwera pa kathumba kena. Kansalu kake kanali kobiriwira, ka timaluwa tachikasu. Anadzutsa mutu, nayang'ana pazenera, kuseri kwa khitchini.

"Mama, mwatani?"

"Ndikuimbira bwino. Kuli mlendo sanalandiridwe."

Anatuluka ndi kathumbako. Martinho anali atakhala padzuwa, akupima matayala a njinga ya malemu ndi chala chachikulu. Francisca anamudutsa, nakagwada pamphasa, napereka ndi manja awiri.

"Nyemba zanu, mayi. Anachedwa nazo."

Shamsa anakafinya kathumbako mpaka zala zinapeza chimene zinkafuna. Pamenepo ndiye analira, kulira kwake koyamba m'masiku atatu onsewo, mosatulutsa mawu.

"Zanga zinatha Lachiwiri," ananong'ona. "Ndikanafunsa bwanji, achemwali, pakati pa anthu? Ndimati mwina Mulungu akuonetsani yekha."

"Wandionetsa mochedwa. Ndikupatseni madzi?"

Shamsa anagwedeza mutu kuvomera.

"Timatumba tatsala tisanu," anatero Francisca motsitsa mawu. "Eni ake mukuwadziwa?"

"Mayina sankatchula. Koma nsalu ndikaziona, ndizizindikira. Timakumana nazo kuchigayo."

Martinho anali atayandikira, khosi litatalika.

"Nyemba? Mlamu, mukupereka nyemba kwa munthu wa ku Chimbonila? Ndiye mwagwirizana zotani?"

"Tagwirizana kuti amwe madzi, adye, tinyamuke. Malaya ndi nsapato mugawe mmene mukuonera, alamu. Njingayo isiyeni."

"Inu mumatha kupalasa?"

"Ndidzaikankha."

Francisca analowanso m'nyumba. Kathumba kaja anamasula poyamba kanali pabedi, nyemba zingapo zitamwazika pabulangete. Anazitola imodziimodzi, nazibwezera, nakankhira kabotolo pansi penipeni kuti kasalire panjira. Kenako anatenga kansalu kake, namanga mfundo ziwiri zolimba, monga ankamangira mwini wake.

Ambuye amene amaona zochitika m'tseri akusungeni, owerenga, akupatseni mphamvu pamene mwalema, ndipo pakhomo panu pasasowe wogogoda.