Madontho Otsala mu Byureti

Kalata ya chenjezo inali italembedwa kale, inkangodikira kusainidwa. Mayi wa mu labu ataiona patebulo pa ahedi, mtima unamuwira. Zaka khumi ndi zinayi akukonzera ana asukulu mankhwala, lero eti sadziwa kuyeza!

Womuneneza anali mphunzitsi watsopano wa kemisitiri, yemwe ana anamutcha Digiri chifukwa sankamaliza chiganizo osatchula pepala lake.

"Sodiyamu haidrokisaidi amene akonza mayiwa ndi wosukuluka," anatero Digiri kwa ahedi. "Amayenera kugonjetsa asidi pa mamililita 25, koma ine ndikupeza 26.4. Ndachita manyazi pamaso pa ana."

"Tiyeni ku labu," anayankha mayiyo. "Mukachite ine ndikuona."

Anapita onse atatu. Digiri anatenga byureti, chubu chagalasi cha mizere yoyezera, n'kuitsuka ndi madzi mwamatama. Pompo anathiramo mankhwala aja, madontho a madzi akadali m'katimo. Anadontheza mu asidi pang'onopang'ono mpaka za m'botolo zinasanduka pinki. Inali 26.3.

"Mwaonatu, ahedi?"

Mayiyo ndiye anaonadi.

"Aphunzitsi, madzi munatsukira aja apita kuti?"

"Ndataya."

"Mwataya ambiri. Otsalirawo ndi amene asukulutsa mankhwala anga. Byureti timayamba taitsukuluza ndi mankhwala omwewo tisanaidzaze. Izi ngakhale ana anu omwe amazidziwa."

Anamulanda byuretiyo, naitsukuluza kawiri, nayamba kudontheza. Pinki wotuwa anabwera pa 25.0. Anabwereza, 25.0. Kachitatu anachita dala mosafulumira kuti Digiri amve kuwawa, n'kupeza 25.1.

Digiri anakanda m'mutu. "Ku yunivesite ankatipatsa zouma kale."

Kupepesa ayi, ngakhale kwa bodza. Ahedi anangoseka kaphwete, poti fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma uyu anali fisi wa digiri.

"Basi, tonse timaphunzira," anatero ahedi. "Mayi, muziwaumitsiratu zipangizo aphunzitsiwa."

"Nanga kalata ija, bwana?"

"Nkhaniyi yatha, musadandaule."

Mayiyo sanakhutire. Anawatsatira mpaka ku ofesi n'kuima pakhomo, akudikira kumva pepala likung'ambika. Ahedi anaitenga kalatayo, naiwongola bwinobwino ndi chikhatho, n'kuilowetsa mu fayilo yolembedwa dzina la mayiyo.