Chitenje pa Tivi

Abambo anga, a Silvester Ngozo, anali munthu woti filimu isanafike pakati aigamula kale. Kuno ku Mlangeni aliyense ankadziwa zimenezo. Tivi yathu ya sola anabwera nayo ndi mwamuna wanga Gracian ulendo wake womaliza kuchokera ku Joni, koma mwini wake weniweni anasanduka abambo. Akaweruka kudimba ankakhala pa mpando wawo wa ndalema, limoti pamwendo, n'kumaweruza anthu a m'kanema ngati anawabereka ndi iwo.

"Uyu ndi mbuzi ya munthu," ankatero. "Anzako akuthawa, iwe ukubwerera chipewa?"

Amene ankawakonda kwambiri ndi mafilimu omasulira aja, amene mnyamata amalankhula Chichewa pamwamba pa azungu ndi Matchaina, n'kumafotokoza chilichonse: uyu walowa, uyu wasolola mpeni, uyo wabisala kuseri kwa chitseko. Ankatiikira mu fulashi ndi Aleck, wa kashopu ka pamsewu. Ine ankandinyansa, ndisaname. Munthu kulongolola kuyambira poyamba mpaka pamapeto ngati enafe tilibe maso! Koma chaka chino abambo sankafunanso ena, koma omwewo basi.

Ine mutu wanga unali kwina. Gracian anali atatha zaka zitatu osaponda kuno, ndipo anali atanditumizira tikiti ya basi ya ku Joni, yonyamuka ku Blantyre Lachinayi lomaliza la Julaye. Kawiri konse ndinali nditalephera kupita, koyamba amayi akudwala, kachiwiri maliro awo. Ulendo uno Gracian sanapite m'mbali.

"Zelesi, ukapandanso kubwera usadzandifunse kuti akundichapira ndani."

Ndi mawu oipa, koma ndinawamva. Banja langa linatsala pa tikiti imeneyo. Abambo nawo ankangondikankha. "Pita kwa mwamuna wako. Ine ndinadziphikira ndekha zaka khumi ndi ziwiri ku migodi, ndilephere lero pakhomo panga?"

Nthawi imeneyo pa tivi panali patayamba sewero latsopano la kuno konkuno, loonetsa Lamlungu masana anthu akabwera ku tchalitchi. Linali la mtsikana wina, Sibongile, wokwatiwa pakhomo pa apongozi olusa ngati mavu. Sewero la Chichewa kale, ndiye womasulira panalibe. Lamlungu lomaliza ndisananyamuke ndinalionera kwa mnzanga Hannah, akundiluka tsitsi la paulendo, abambo akuonera okha kunyumba. Tsiku limenelo apongozi anamutukwana Sibongile mpaka makolo ake. Iye anangoti, "Pepani amayi," n'kulowa kukhitchini. Kumeneko anamasula kapepala pamfundo ya chitenje, n'kuthira mankhwala a makoswe mu ndiwo, n'kutakasa. Osalankhula kanthu. Kanyimbo kokha kankalira chapansipansi.

Lolemba m'mawa pamsewu nkhani inali yomweyo. Mphepo ya Julaye inkaluma, ife titandalika ndowa zathu za mbatata ya kachewere, magalimoto akungodutsa osaima. Abambo anafika ndi ndodo yawo, imene anayamba kuyenda nayo ponena kuti bondo likuvuta, n'kukhala pa benchi ya kwa Aleck.

"Sewero lija ndi labwino koma amakoka, aaa!" anatero Hannah. "Munthu kutsegula chitseko chokha, mpaka nsima kupsa."

"Vuto ndi mawu," anatero Aleck. "Wina akumveka ngati ali m'chitsime, wina ngati ali pakhutu pako. Komanso apongozi aja ndi mwana, angowapaka ufa m'mutu. Bola filimu ya Chitchaina ndinaika dzana ija."

"Ya anthu owuluka pamadenga ija? Zabodza zokhazokha."

"Nanga yanuyo ndi yoona?"

Abambo anatsokomola, kusonyeza kuti woweruza wafika. "Inu mukusiya nkhani. Mtsikana uja, Sibongile, ndiye mkazi. Kumutukwana konse kuja, iye phee, n'kupita kukawaphikira bwinobwino. Atsikana a masiku ano atengerepo phunziro. Ine mpongozi wotere ndingamupatse ndi mbuzi yomwe."

Anthu anaphulika nako kuseka. Aleck anachita kugwira chitseko.

"Agogo inu!" anatero Hannah, misozi ili mbwembwembwe. "Ndiye kuti mukufuna mpongozi wokuthirirani mankhwala a makoswe?"

Abambo anaseka nawo, koma mochedwa. "Ndimakuyesani," anatero. "Ndimafuna ndione ngati munaonera."

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndimadziwa. Manyazi anandigwira, ndiye ndinawalalatira anthu onse akumva. "Kodi mumaonera ndi chiyani, ndi mawondo? Tsiku lonse pa tivi, koma zinthu zoonekeratu osaziona. Mwandichititsa manyazi, abambo."

Pobwerera kunyumba masana abambo anayenda pambuyo panga, pafupi kwambiri, moti ndikaima ankatsala pang'ono kundigunda. Kale ankayenda patsogolo, ine n'kumachita kuthamanga.

M'njira momwemo zinthu zinayamba kundibwerera. Tiyi amene ankathira pambali pa kapu. Baibulo limene anasiya kuwerenga, ati zilembo za masiku ano ndi zazing'ono, chonsecho ndi lomwe lija anabwera nalo ku migodi. Anthu ndi amene ankayamba kupereka moni, abambo n'kumayankha pambuyo. Ndipo kale ankanyoza zovala ndi nkhope za anthu a m'mafilimu, koma chaka chino ankangonena zimene anthuwo alankhula.

Titafika ndinati, "Ndikuikireni ya Chitchaina ija?"

"Ika, tione anthu owulukawo."

Ndinaika. Womasulira atayamba kukuwa, ndinavula chitenje changa chapamwamba, n'kuchiphimba pa tivi ponse. Ndinaima pambali, kudikira kuti andikalipire. Dzuwa linkalowa pawindo, m'nyumba muli mbee.

Abambo anayang'anitsitsa chitenjecho, n'kuseka.

"Taona mmene akuthamangira! Ameneyu samupeza."

Ndinadikirabe. Mwina akundiseka, mwina akubwezera za pamsewu zija. Koma anapitiriza, kugwedeza mutu, kumenya bondo, kutsutsana ndi womasulira. Anaonera chitenje changa cha maluwa achikasu mpaka filimu inafika pakati. Ine misozi inkangotsika, ndikuluma mlomo kuti asandimve.

"Abambo, malaya a mnyamatayu ndi amtundu wanji?"

"Ofiira."

"Pa tivi pali chitenje."

Chala chawo chinapeza batani la voliyumu chokha, n'kutsitsa mpaka zii.

"Chichotse," anatero. "Ungatenthetse tivi ya mwamuna wako."

Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo. Ndinawafunsa kuti zinayamba liti. Anati nthawi ya maliro a amayi. Kunayamba kuda m'mbalimu, n'kumaona ngati akusuzumira mu paipi. Pofika nthawi yokolola paipiyo inadzaza utsi. Tsopano ankangosiyanitsa usana ndi usiku. Kudimba ankapita powerenga mapazi, n'kukangokhala pamzere.

"Nanga osanena bwanji? Chaka chathunthu!"

"Ndikananena ukanapita?"

Ndinafuna kuwakalipira, ndinafuna kuwakumbatira, ndinafuna kudzimenya ndekha chifukwa cha mawu aja a mawondo. Palibe chimene ndinachita. Ndinangochotsa chitenjecho.

Lachiwiri tinakwera minibasi kupita kuchipatala kuboma. Ndinkapemphera kuti ikhale ng'ala, poti ng'ala amachotsa, agogo ake a Hannah anawachotsa n'kuyambiranso kulowetsa ulusi pa singano. Adokotala anawaunika ndi katochi, diso ili, diso ilo, n'kupumira m'mwamba.

"Si ng'ala iyi, mayi. Mitsempha ya maso inauma. Akanabwera chaka chatha tikanapulumutsako pang'ono. Pano tingowapatsa mankhwala odontheza kuti maso asamapweteke."

Pobwerera abambo analankhula njira yonse. Ati mafilimu a masiku ano alibe ulemu, mwana kuloza bambo ake chala. Ati kale ku migodi ankawaonetsa kanema pakhoma, ya anthu a pa akavalo, ndipo woipa ankadziwika ndi chipewa. Anthu mu minibasi ankaseka, kuwatsutsa, iwo n'kumakondwa. Ine ndinali nditagwira kabotolo ka mankhwala, ndikuyang'ana minda youma pawindo.

Lachitatu ndinaimbira mchimwene wanga Evance ku Lilongwe. Anati pepa, nyumba ndi ya chipinda chimodzi, ana atatu, tiona kutsogoloku. Kenako ndinaimbira Gracian. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Pepa za madala," anatero. "Koma iwe nthawi zonse pamakhala chifukwa. Tikiti ndi ya mawa. Ine ndanena kale."

Abambo anamva zonse, poti makutu awo tsopano sankaphonya kanthu. Anandiitana ndi mfunda wanga, zimene ankachita pokhapokha nkhani ikakhala yaikulu.

"Nangozo, maso anga apita kale. Ukatsala sabwerera. Ndinabisa chaka chonse kuti banja lako lisathe, ndiye usandisandutse chitsiru. Mawa masana ndikakumva m'nyumba muno, sindidya."

Lachinayi ndinadzuka m'mamawa. Ndinasesa, ndinatunga madzi odzaza migolo yonse, ndinapangana ndi Hannah kuti aziwabweretsera chakudya ndi kuwadontheza mankhwala. Aleck anawadzazira fulashi ndi mafilimu omasulira okhaokha, maso ali pansi. Potsanzikana abambo anandigwira nkhope ndi manja onse awiri, n'kusisita tsitsi lolukidwa lija.

"Wakongola," anatero. "Pita."

Pamsewu minibasi yoyamba ndinaisiya, ndinati yadzaza. Yachiwiri ndinaisiyanso. Yachitatu kondakitala anandilanda chikwama n'kuchiponya kumbuyo, phazi langa limodzi lili kale m'kati. Ndiye ndinakumbukira kuti posesa ndinasuntha mpando wa ndalema uja, ndipo sindinaubwezere pamalo pake. Kanthu kopanda pake! Koma ndinaona abambo akuufufuza ndi manja m'nyumba yopanda munthu, lero, mawa, chaka chamawa.

"Tsitsa chikwamacho."

"Mayi, mukutichedwetsa! Mukupita kapena ayi?"

"Ndati tsitsa!"

Ananditukwana, minibasi n'kunyamuka. Ndinayenda kubwerera, chikwama pamutu, ndikudutsa kuseri kwa mashopu kuti Hannah asandione.

Chitseko chinali chotsegula. Ndinavula nsapato panja, n'kulowa mwakachetechete, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo. Mpando anali ataupeza, koma unali utayang'ana kukabati, tivi ili chakumbali. Filimu inali ikusewera, ya anthu owuluka yomwe ija, womasulira akukuwa nthabwala zake zimene Lolemba zinkawagwetsa ndi phwete. Lero sankaseka. Panalibe womusekera. Nkhope yawo inali itagwa, pakamwa pali pululu, ngati munthu amene watula katundu wolemera ndipo alibenso kopita. Sindinawaonepo ali choncho, ngakhale pa maliro a amayi.

Patapita kanthawi anazimitsa tivi. Anatambasula dzanja kufuna kapu ya tiyi imene ndinawasiyira pa situlu, n'kuigunda. Inagwa, tiyi n'kuyenderera mpaka kumapazi kwawo. Sanaitole. Anangokhala.

Pamenepo foni yanga inalira m'chikwama, kamodzi, kulira kwa uthenga.

Abambo anadzidzimuka, n'kuwongola msana msangamsanga, n'kukonza nkhope.

"Nangozo?"

"Ndine, abambo."

"Basi yakusiya?"

"Yandisiya."

"Bodza."

Ndinatulutsa foni. Anali Gracian, mawu amodzi okha: "Wakwera?" Ndinalemba kuti ayi. Ndinayamba kulemba zina, kufotokoza za mpando, za kapu, koma ndinafufuta, poti ndani angamve zimenezo ali ku Joni? Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu. Ndinadikira. Kenako chithunzi chake, chija anajambulitsa atavala jekete yachikopa, chinazimiririka, panatsala kamutu kotuwa kopanda nkhope. Ndinatumiza uthenga wina. Unangokhala ndi kamzere kamodzi. Anali atanditsekera.

"Wati chiyani?" anafunsa abambo.

"Palibe."

Anamva. Anaweramitsa mutu, manja ali pa limoti, ndipo ndinaona misozi ikutsika m'maso aja amene sankaonanso kanthu. "Chaka chonse," anatero chapansipansi. "Ndapereka maso, banja lako lapitanso."

Mtima unkandiwawa moti ndikanatsegula pakamwa ndikanakuwa mudzi wonse n'kumva. Ndinatenga chisanza n'kupukuta tiyi uja, n'kutola kapu. Inali itathyoka chogwirira.

Masana ndinaphika, ndipo anadya, ngakhale analumbira kuti sadya. Ndikuchotsa mbale anandigwira chitenje.

"Lamlungu usapite kwa Hannah," anatero. "Ukhale pafupi. Akakhala chete anthu aja, uzindiuza zimene akuchita."

"Ndizikuuzani."

"Zonse. Usamandibisire."

Ndinawauza kuti aimirire pang'ono. Ndinatembenuza mpando wawo kuti uyang'ane ku tivi, n'kuwagwira dzanja kuti akhalenso.