Nkhope ya Wakuba Mithunzi

Pofika teni koloko m'mawa, dzuwa la Okutobala linali litawotcha kale malata a mashopu a ku Katete, ndipo kamphepo kouma kankangosesera fumbi m'makonde. Luqman, wolemba zikwangwani, anali pakhonde la shopu yake akudetsa ndi inki tsamba lachitatu la buku lachiwiri.

Buku loyamba linatuluka mu Ogasiti. Mawu ake analemba a Ezara, mphunzitsi wa kufupi ndi Mkaika, ndipo Luqman anajambula zithunzi. Analitcha Ngwazi za Mphangwe, potengera dzina la mapiri a ku Katete. Ngwazizo zinali zitatu: Nyamphepo, amene amachoka ku Sinda n'kufika ku Vubwi tiyi asanazizire, Chigumula wonyamula lole ndi dzanja limodzi, ndi Kadziwe, mtsikana womva madzi akuyenda pansi pa nthaka. Mdani wawo anali Wakuba Mithunzi. Iyeyu ankanyengerera ana panjira, n'kupinda mthunzi wa mwana ngati nsalu, mwanayo n'kuyamba kuonda. Luqman ndi a Ezara analichita fotokope bukulo, nalisoka ndi ulusi, ndipo ana asukulu analiwerenga mpaka masamba kuthothoka.

Luqman sankatha kujambula nkhope ya m'mutu mwake. Ankakhala pakhonde n'kumatola kwa anthu odutsa, mphuno kwa uyu, makutu kwa uyo, n'kuziphatikiza kuti pasakhale wodziwika. Koma tsiku lojambula Wakuba Mithunzi a Ezara anam'fulumizitsa. Tsidya la msewu, pansi pa mtengo, panali mwamuna wa kabaza akudikira anthu oti awanyamule pa njinga, ndipo anakhala phee ola lathunthu. Luqman anatenga nkhope yonse, chipsera cha pansidze chomwe. Anaiveka chipewa chachikulu n'kudziuza kuti chakwanira.

Mwamunayo tsopano anali atatsamiritsa njinga yake pamzati wa khonde. Dzina lake anali Obvious. M'manja anali ndi buku lopindika m'mbali.

"Ba Luqman, mwauka bwanji?"

"Tauka, kaya inu. Khalani apa."

Sanakhale. Anatsegula pakati pa bukulo n'kuliika pafupi ndi tsaya lake.

"Nifuna chabe muniuze, uyu ni ndani?"

Luqman anayang'ana inki imene inali kuuma pa cholembera.

"Ndi munthu wa m'nthano."

"Wa m'nthano anagwa pa njinga ku Chadiza road monga ine? Onani chipsera." Anayankhula motsitsa mawu, ngati akufunsa njira. "Ninali na ana asanu na awiri opereka ku sukulu m'mawa uliwonse. Atsala awiri, ndiponso ni a mlongo wanga. Dzulo kamwana kena kaniona, kakhala pansi pa mthunzi wake, kalira. Amayi ake aseka, ati ni za ana. Koma lelo aniuza kuti mwanayo azapatsa wa kabaza wina."

"Akuluakulu akudziwa kuti ndi zojambula."

"Adziwa. Koma mwana wa Mai Rabecca adwala, aonda. Ninamunyamula chaka chonse. Ku chigayo ayamba kale kukamba."

Luqman anaika cholembera pansi. Ankadziwa mmene nkhani ya kuchigayo imakulira ikafika kumidzi, ndi zimene anthu amachita kwa munthu akam'ganizira za ana.

A Ezara anafika nthawi yomweyo, kope lawo la mizere lili m'khwapa, popeza Loweruka lililonse ankabweretsa mawu atsopano. Anamvetsera nkhani yonse atavula magalasi. Anali munthu wabwino mtima, wokhulupirira kuti chilichonse cholakwika chingakonzedwe ndi cholembera chofiira.

"Zakonzeka kale, achimwene," anatero, akutsegula kope. "M'buku lachiwirili Wakuba Mithunzi akufa. Chigumula akum'ponya kuchokera pamwamba pa phiri, mithunzi yonse ikubwerera kwa eni ake. Tsamba lomaliza ndi maliro ake. Ana akaona kuti wafa, nkhani yatha."

Obvious anasuzumira m'kopemo.

"Munijambule nili m'bokosi?"

"Osati inu. Iyeyo."

"Na nkhope yanga." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda kukoma. "Aphunzitsi, mkazi wanga ali na pakati. Akaona pepala ili, mwamuna wake ali gone m'bokosi, muganiza azakamba kuti ni nthano? Apongozi anga azakamba kuti munilodza. Ndipo nikagwa pa njinga mawa?"

A Ezara anatseka kope pang'onopang'ono. Kenako analitsegulanso.

"Chabwino. Asafe. Alape, abweze mithunzi, alowe m'gulu la ngwazi akhale wachinayi. Ana azikukondani."

"Ndiye kuti anaba zoona, kenako analapa. Ine sininabe." Anaika bukulo pa tebulo la Luqman. "Sinifuna kukhala ngwazi. Nichotseni chabe."

Mabuku anali atafika kale ku Sinda ndi ku Vubwi, m'zikwama za ana ndi pansi pa mphasa. Luqman anaganiza zosintha nkhope m'buku lachiwiri, koma anaona kuti ana angonena kuti Wakuba Mithunzi waba nkhope ya wina kuti abisale, ndipo adzam'yang'anitsitsa Obvious kuposa kale. Chilichonse chimene akanajambula chikanangoonjezera moto.

"Buku lachiwiri silituluka," anatero.

"A Luqman, miyezi itatu ya ntchito," anatero a Ezara chapansipansi. "Ana akufunsa tsiku lililonse."

"Afunse. Akatopa adzaiwala." Anatembenukira kwa Obvious. "Masana ano ndipita kwa Mai Rabecca ndi kuchigayo. Ndikanena kuti ndine ndinatenga nkhope yanu osakupemphani, inu mukungodikira makasitomala. Kumzikiti ndikanenanso Lachisanu."

"Ine ndinena kutchalitchi mawa," anatero a Ezara, atazengereza pang'ono.

Obvious anagwedeza mutu, osaonetsa kuti wakhutira.

"Kambani. Mwina azamvela. Ine kuyambira Mande nizayamba kuimilira ku Sinda, kwa mlamu wanga Wongani. Kumeneko chipewa nizavala ine, nibise chipsera." Anachotsa njinga pamzati, nafinya tayala la kumbuyo ndi chala. "Mwana wa Mai Rabecca akachira muniuze."

Anapalasa kulowera kumsika, mpando wa kumbuyo uli wopanda munthu.

A Ezara anakhala kanthawi, kenako anati ali ndi makope a giredi seveni oti achonge, nanyamuka. Luqman anasonkhanitsa masamba atatu aja, inki ya lachitatu isanaume bwino, n'kuwaika pansi pa zitini za penti. Mwini butchala wa kuseri anali atasiya thabwa kuyambira Lachiwiri, akufuna mbuzi yonenepa ndi dzina la shopu m'zilembo zofiira. Luqman analigoneka pa mabenchi awiri, natenga rula ndi choko, n'kuyamba kuyeza mizere.